Kusowa kwa mabolodi kusatiletse kuphunzitsa ana chess

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi aphunzitsi anzanga amene amati sangayambitse kalabu ya chess pasukulu pawo chifukwa alibe mabolodi. Ine ndinapuma pantchito, koma Lachitatu lililonse masana ndimakhala ndi ana pafupifupi 30 pansi pa mtengo wa mango, ndipo mabolodi tili nawo awiri okha. Pa limodzi hatchi yoyera inasowa kalekale, timaikapo chitsekerero cha botolo.

Poyamba ana ankangokanganirana mabolodiwo. Ndiye ndinayamba kuwaphunzitsa mayina a mabokosi onse 64, zilembo a mpaka h, manambala 1 mpaka 8. Ndimatchula bokosi, mwana atatsinzina anene ngati ndi loyera kapena lakuda: a1 lakuda, h1 loyera. Akazolowera ndimamufunsa kumene hatchi ili pa g1 ingadumphire. Mwana amene wadziwerengera yekha m'mutu kuti hatchi ya pakona ili ndi malo awiri okha opitako, pamene ya pakati ili ndi 8, sindivutikanso kumuuza kuti azilimbirana pakati pa bolodi. Kale ndinkalalikira mpaka kusasa mawu kuti tulutsani mahatchi ndi mabishopu msanga, bisani mfumu, musathamangire kutulutsa mfumukazi. Ankavomera ndi mutu, kenako n'kuchita zomwezo. Lero ndimangowauza atsinzine aone kuti pachiyambi poni (kamsilikali kakang'ono) ya pa f7 imatetezedwa ndi mfumu yokha, ndipo amamvetsa chifukwa chake anzawo amagonja atangosuntha kanayi.

Makolo ena anandifunsa ngati kusewera osaona bolodi si zamatsenga. Ndinawakumbutsa za bawo. Agogo anga asanagwire nkhomo ankakhala atawerengeratu m'mutu kumene dzanja likathere, ndipo palibe ankawatcha mfiti.

Akatswiri kunjaku anafika nazo patali. Mu 1947 ku São Paulo, Miguel Najdorf anasewera ndi anthu 45 nthawi imodzi osaona bolodi lililonse, n'kupambana masewera 39. Bamboyu anali wa ku Poland, nkhondo inamupeza ali ku mpikisano ku Argentina mu 1939, ndipo ankayembekeza kuti mbiri ya masewera oterewa ikafika kwa abale ake adziwe kuti ali moyo. Abalewo anali ataphedwa. Mu 2016 ku Las Vegas, Timur Gareyev anasewera ndi anthu 48 atamangidwa kumaso, akupalasa njinga yolimbitsira thupi, napambana 35.

Ana athu sitikuwatuma zimenezo. Mutu umatopa msanga, choncho oyamba kumene ndimawaimitsa akasuntha kasanu kapena kakhumi, kenako timakaika zonse pa bolodi kuti tione amene wasochera. Choko ndi pepala lolembapo mmene asunthira n'zokwanira. Ubwino winanso, ana awiri amatha kusewera akuyenda panjira pobwerera kwawo, kapena madzulo magetsi atazima.

Sabata yatha mtsikana wa Sitandade 6 anandifulatira, ine ndikuyang'ana bolodi, ndipo posuntha kachi 14 anandidyera mfumukazi ndi hatchi ya chitsekerero ija. Anzake akundisekabe.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu