Za mfumukazi ya sipeya

Amwene,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, kungoti mutu wadzaza ndi za njuchi nde ndati ndikulembereni, poti ena ukawayambira nkhani zimenezi amangofunsa kuti uchi ufula liti basi.

Ndili ndi mfumukazi ya sipeya, njuchi yamayi ija yoikira mazira m'mng'oma. Mng'oma wina unataya yake, ine nkuitanitsa ina, koma pomwe imafika njuchizo zinali zitadzilerera kale yawo mwakachetechete ndipo yayamba kuikira, mazira ali njo pansi pa timabowo, limodzilimodzi bwinobwino. Nde yobwerayi ilibe kolowera. Ili m'kakhola kawaya komwe inabweramo ndi tiantchito tochepa toidyetsa, ndikuisunga pamdima nkumadonthezera kadontho ka madzi pa waya. Koma mukudziwa m'kakhola simokhalitsa, sabata imodzi olo awiri basi, tiantchito tija tikangoyamba kufa nayonso imafooka.

Mtima umafuna ndigawe mng'oma wamphamvu uja pawiri, ndikhale ndi wina waulere. Ikanakhala nthawi ya maluwa ndikanagawa tsiku lomwelo. Koma pano maluwa akutha, ndipo ukawerengera masiku sizikutuluka ayi. Mfumukazi ndikaiika lero padutsa masiku angapo kuti ziilandire ndi kuyamba kuikira, dzira la njuchi yantchito limatenga masiku 21 kuti ituluke, ndipo ikatuluka imayamba yagwira za m'nyumba pafupifupi masabata atatu isanapite kokatenga chakudya, nthawi yonseyi zakale zija zikungofa poti njuchi yomwe yagwira ntchito ya m'maluwa imangokhala masabata ngati 6. Komanso ana amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, kagulu kochepa sikangakwanitse usiku ukayamba kuzizira. Ndiye pali zakuba. Chakudya chikasowa kunja, ming'oma yamphamvu imanunkhiza kamng'oma kofooka nkukakokolola uchi wonse tsiku limodzi. Mapeto ake ndikhala ndi ming'oma iwiri yodwaladwala m'malo mwa umodzi wabwino, chifukwa chongomvera chisoni kachilombo kamodzi.

Mwayi wake ndi woti inakwatiwa kale. Ikanakhala namwali bwenzi nkhani itatha, chifukwa imayenera kuuluka kukakumana ndi zamphongo zoposa 10 m'masabata ake oyamba, ndiye zamphongozo pano zikuthamangitsidwa. Mukaima pakhomo pa mng'oma madzulo mumaona antchito awiri atatu atagwira mphongo, wina phiko wina mwendo, kuikoka mpaka kuigwetsa pansi, iyo nkumayesa kukwawa kubwerera, alonda nkuikankhanso. Zomvetsa chisoni koma ndimaseka kkkk, chaka chonse kudya zaulere.

Pulani yanga ndi iyi. Mng'oma wakumapeto uja uli ndi gogo, mfumukazi yokalamba, ili m'chaka chachitatu, penti woizindikirira wa pamsana anachita kufufutika ndipo mapiko ndi odyekadyeka m'mphepete. Ana ake ndi apa ndi apo, felemu yodzaza mabowo opanda kanthu. Imeneyo ndiyo ipereke mpando. Njuchi zobadwa panopa ndi zomwe zidzadutsitse mng'oma nthawi yozizira, zimakhala miyezi ingapo, ndiye ndibwino zichokere kwa mayi wachitsikana amene apitirize kuikira mochedwerako. Koma ndiyamba ndayeza kaye nthata za varroa, tizilombo toyamwa njuchi ndi ana ake, chifukwa nazonso zimapangitsa ana kukhala apa ndi apo, munthu nkumanamizira mfumukazi.

Gogoyo sindiipha msanga, apa mpomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri. Nyengo ino njuchi zimakhala zolusa, mlendo sizimulandira mwachisawawa, zikakana zimamuunjirira nkupanga kampira mpaka afe ndi kutentha. Zikatero iwe utapha kale yakale, wagwira pati? Zoti zilere ina sizingatheke, masiku 16 kuti ituluke kenako amuna kulibe. Nde gogoyo ndiichotsa ndi mafelemu awiri, ya ana ndi ya uchi, ndiike m'kabokosi pamwamba pa mng'oma wamphamvu, pakati ndiikepo sefa ziwiri zotalikirana kuti kutentha kuzikwera koma njuchi zisakhudzane, khomo lake kakang'ono koti muzidutsa njuchi imodzi.

Mng'oma wochotsamo gogowo ndiusiya tsiku limodzi wopanda mayi kuti zizindikire, kenako kakhola kalowe pakati pa mafelemu a ana, waya poyera kuti zizitha kuidyetsa. Khomo la kakholako ndi lotseka ndi shuga wouma woti njuchi zidye mpaka mfumukazi ituluke, koma mbali imeneyo nditchinga kaye. Ndizipatsanso madzi a shuga m'kati momwemo, njuchi yokhuta siivuta kwambiri. Chomwe ndimayang'ana ndi khalidwe lawo pa waya. Zikamaluma waya, zitapinda matako ngati zikufuna kubaya, ndipo ukazikankha ndi chala sizikusuntha, ndiye kuti sizinafune. Zikamalowetsa malilime kuidyetsa, ukazisesa nkumasuntha mosavuta, pamenepo nditsegula pa shugapo zidzidyere njira zokha. Timanyumba tolereramo mfumukazi ina tikapezeka tamangidwa ndiphwanya tonse, apo ayi ziyika mtima pa timeneto. Zikatero manja m'thumba, osatsegulanso sabata yathunthu, ngakhale apa mpomwe ine ndimavutika.

Ndikadzaona mazira atsopano mpamene ndidzaganize za gogo. Ena amangoitswanya, ena amaiviika m'mowa waukali nkusunga madziwo kuti adzakopere njuchi m'mng'oma wopanda kanthu chaka chamawa. Ine mwina ndingoisiya m'kabokosimo tione ngati itadutse, poti palibe chomwe ndikuluza kupatula mafelemu awiriwo.

Inu munayesapo kudutsitsa kabokosi kakang'ono chonchi nthawi yozizira? Munkazidyetsa bwanji osaputa zakuba? Ndiyankheni msanga chonde, m'kakhola muja mwafa kale kantchito kamodzi.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu uja