Lipoti la msonkhano wa alimi a mphesa ku Beaujolais

A Pampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku France kuti ndikaone ngati vinyo wofiira wopepuka angayenere m'mahotela ndi m'malo odyera momwe timagwira ntchito. Ndabwera ndi yankho lakuti inde, bola tikonze kasungidwe kathu.

Msonkhano unali ku Beaujolais, kumpoto kwa mzinda wa Lyon. Vinyo wofiira wa kumeneko amachokera ku mphesa ya mtundu wa Gamay, yomwe Philippe le Hardi, wolamulira dera la Burgundy ku France, anailetsa m'dera lake mu 1395 ponena kuti ndi yachabechabe. Mphesayo inakhazikika m'mapiri a miyala ya granite cha kummwera kwa Burgundy, ku Beaujolais komweko, ndipo lero kuli madera 10 odziwika ndi vinyo wabwino koposa, monga Morgon, Fleurie, Brouilly ndi Moulin-à-Vent.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi kaphikidwe. Tinayendera banja lina ku Villié-Morgon. Mitengo yawo ndi yaifupi, yofika m'maondo, yopanda mawaya, moti wokolola amachita kuwerama tsiku lonse. Amathyola ndi manja, n'kuthira mphesa m'thanki zili pa matsango ake, osazifinya. Zapansi zimaphulika ndi kulemera kwa zinzake n'kuyamba kuwira, mpweya wake n'kudzaza thanki, ndipo zapamwamba zimayamba kupsa m'kati mwa khungu lake. Ndiye chifukwa chake vinyoyu samanga m'kamwa, ndipo mukamuika m'tambula mumatha kuona chala chanu kuseri kwake. Makasitomala athu omwe anazolowera Pinotage ndi Shiraz wa ku South Africa adzati ndi wosungunula ndi madzi. Tiyenera kuwafotokozera, si choncho ayi.

Dzina lomwe linkamveka pakamwa pa aliyense ndi la malemu Marcel Lapierre, mlimi wa mphesa wa ku Villié-Morgon, yemwe anamwalira mu 2010. Iyeyu, motsatira malangizo a Jules Chauvet, katswiri wa vinyo wa ku Beaujolais, anabwerera ku njira za makolo: yisiti wachilengedwe wa pa mphesa pomwepo, ndi sulufule (mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke) wochepa kapena osathira n'komwe. Ana ake, Mathieu ndi Camille, ndi omwe akuyendetsa mundawo.

Apa ndi pomwe pali nkhawa yanga. Vinyo wa sulufule wochepa salimba ndi kutentha. Akagonera padoko kapena m'stolo yathu mwezi wa Okutobala, ndalama zalowa m'madzi. Ndikupempha kuti tisaode tisanagwirizane ndi wobweretsa katundu wokhala ndi kontena yozizira, komanso mabotolo azikhala m'firiji, aziperekedwa pa madigiri 13 kapena 14. Akazizira choncho amayenda bwino ndi nkhuku yowotcha, ngakhalenso chambo.

Za Beaujolais Nouveau, vinyo watsopano wa mphesa za chaka chomwecho, yemwe amatuluka Lachinayi lachitatu la Novembala, ndikuti timusiye. Ndi womwa msanga, ndipo pofika kuno nyengo yake imakhala itapita.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha tivotere kuyamba ndi Fleurie ndi Morgon, makatoni ochepa, m'mahotela omwe ali ndi jenereta yodalirika. Mitengo ndapereka kwa msungichuma.

Ine nthumwi yanu.