Kalata kwa a Nduna ya Zamasewero: pokonza bwalo, musaiwale pothamangira

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani m'Chichewa mwadala. Malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandawo Chichewa ndiye chili kutsogolo, ngakhale ndikudziwa kuti chinangokwezedwa ndi alifabeti. Kuofesi kwanuko sikungasowe mwana wa ku Mufakose, ku Mbare kapena ku Dzivarasekwa woti akuwerengereni. Ine ndinabadwira mu Harare momwe muno, bambo anga atabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Ntcheu nthawi ya chitaganya. Ndagwira choko zaka zambiri kupulayimale, ndipo chipumireni ntchito, madzulo ndimakhala pabwalo lafumbi la kwathu kuno ndi wezulo pakamwa, kuphunzitsa ana liwiro. Palibe amene anandilemba ntchitoyi, palibenso amene amandilipira.

Nkhani yanga ndi ya National Sports Stadium, bwalo lalikulu lamasewero la mu Harare muno. Chiyambire pamene bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linati bwaloli silikuyenera kuchititsa masewero akuluakulu a mpira, takhala tikumva pawailesi za mipando, za zipata zamagetsi, za zipinda zosinthira zovala. Tinaona ma Warriors, timu yathu ya mpira ya dziko, akukasewerera ku Rwanda, ku Uganda ndi ku South Africa masewero otchedwa apakhomo, ndipo manyaziwo anatigwira tonse, ine ndemwe. Mipandoyo ikani ndithu. Koma pakati pa mipando ndi kapinga pali malo ena, ofiira aja ozungulira bwalo lonse, mamita 400 ukazungulira kamodzi. Pa zokamba zonse zimene makutu angawa amva, amenewo satchulidwa kawirikawiri. Zikukhala ngati ndi khonde chabe lodutsapo osewera mpira akamapita pakapinga.

Ine malo amenewo ndinawaona akugwira ntchito yake. Mu Seputembala 1995 mzinda uno unalandira masewero achisanu ndi chimodzi a All-Africa Games, ndipo othamanga, odumpha ndi oponya onse anasonkhana pabwalo lomweli, lomwe panthawiyo linali lisanathe n'zaka khumi zomwe chilitsegulireni mu 1987. Dziko la South Africa linabwera koyamba kumasewerowa tsankho litatha, n'kukokolola mamendulo agolide kuposa wina aliyense. Ndinapita ndi ana a kalasi langa, aliyense atanyamula maputi m'kapepala. Tinakhala pamwamba, padzuwa, pasimenti yotentha, pomwe anthu pansi amaoneka ngati nyerere. Mary Onyali wa ku Nigeria anatenga golide pa mamita 100 ndi 200. Koma amene anawasokoneza mitu ana anga anali Maria Mutola wa ku Mozambique, pa mamita 800. Mtsikana wojintcha, mapewa ngati wosenza matumba pa Mbare Musika, wochokera dziko loyandikana nalo lomwe linali litangotuluka kumene m'nkhondo. Anathamanga ngati kumbuyo kwake kulibe munthu. Patatha zaka zisanu anakatenga golide wa Olympics ku Sydney, ndipo ana aja, atakula tsopano, ankandiimitsa mumsewu kuti, "Aphunzitsi, si uja tinamuona ifeyu?"

Chimene sindiiwala cha tsiku limenelo ndi funso la kamtsikana kena kamene kanakhala chete mpikisano wonse. Tikutsika masitepe kanandikoka malaya n'kufunsa kuti, "Pansi pofiirapo, n'pofewa kapena n'polimba?" Ndinalephera kuyankha, chifukwa nanenso ndinali ndisanapondepo.

Zaka 30 zadutsa, ana a kwathu kuno akufunsabe funso lomwelo.

Ndikuuzeni mmene timachitira. Bwalo lathu ndi la mpira, lopanda udzu pakati, ndipo mbali imodzi limathera pangalande. Mamita 400 sakwanapo. Timayeza ndi chingwe cha mamita 50 chomwe ndinachimanga mfundo, n'kupeza kuzungulira kwa mamita pafupifupi 300, kokhala ndi makona akuthwa moti mwana waliwiro amachita kupendekeka ngati njinga. Mizere timalemba ndi phulusa. Amayi a mumsewu wathu amadziwa kale, Lachisanu amandisungira phulusa la pambaula m'zitini za penti. Mphepo ya Ogasiti ikawomba, pofika masana mizere yapita. Poyambira, mwana amakumba timaenje tiwiri ndi chidendene kuti apeze popondera. Mfuti tilibe, timawombetsa matabwa awiri. Nthawi ndimagwira ndi foni.

Sindikunena izi kuti mutimvere chisoni. Akatswiri ambiri a mu Africa muno anayambira pafumbi, ndipo fumbi limalimbitsa miyendo. Vuto limabwera tsiku limene mwana wachoka pafumbi n'kukaima koyamba pa tartan, pofiira pothamangira paja, pomwe tsikulo ndi la mpikisano weniweni.

Zinandichitikira ndi mtsikana wina wazaka 15, mdzukulu wa anzathu ochokera ku Mangochi. Pa mamita 200 panalibe womuyandikira m'dera lathu lonse, ngakhale anyamata a msinkhu wake ankamuzemba. Anapambana kusukulu, anapambana pa zoni, mpaka anafika pampikisano umene unachitikira pabwalo la tartan. Masipaiki, nsapato zothamangira zija, tinabwereka, aakulu nambala imodzi, tinafutsamo nyuzi kutsogolo. Atafika poyambira anapeza mabuloko achitsulo, zinthu zimene ankangoziona pa TV. Anzake anagwada, n'kuyeza ndi mapazi, awiri kutsogolo atatu kumbuyo, n'kumenya ndi chikhatho kuti misomali ilowe pansi. Iye anaima n'kuyang'ana kumene ndinakhala. Anamuika mumzere wachisanu ndi chiwiri, ndipo poti pa mamita 200 akunja amayambira kutsogolo kuti mtunda ufanane, iye anaona kuti ali yekhayekha, adani ake onse ali kumsana. Woyambitsa atanena kuti akonzeke, anadzutsa chiuno, miyendo ikunjenjemera pazitsulo zosazolowera, n'kugwera kutsogolo mfuti isanalire. Lamulo la masiku ano, kuyambira 2010, silipereka mwayi wachiwiri. Anamuonetsa khadi, natuluka. Miyezi isanu ya phulusa ndi thukuta inathera pamenepo osathamanga ndi mita imodzi yomwe. M'kombi pobwerera sanalire. Anangovula masipaiki aja n'kuchotsamo nyuzi, n'kuyamba kuiwongola pabondo. Chaka chotsatira sanabwerenso kubwalo.

Woyambitsa uja sanalakwe, lamulo ndi lamulo. Mwanayonso sanalakwe. Anafunsidwa mayeso a phunziro limene sanalowepo m'kalasi mwake.

Palinso nkhani ya nthawi. Foni yanga, kapena wotchi ya m'manja ya mphunzitsi aliyense, imanamiza. Chala cha munthu chimachedwa kudina poyamba, choncho pa mamita 100 ndi 200 odziwa amawonjezera masekondi 0.24 pa nthawi yogwidwa ndi manja kuti ifanane ndi ya makina. Pa liwiro lalifupi, kusiyana kumeneko ndi mamita awiri athunthu. Komanso ngati palibe chida choyezera mphepo, chotsimikiza kuti yochokera kumbuyo sinapitirire mamita 2 pa sekondi, nthawiyo siilandiridwa ngati mbiri. Ndiye mwana wathu amakula akudzitama ndi nambala imene kunja kwa Mufakose palibe angaikhulupirire, ndipo sukulu zakunja zimene zimapereka maphunziro aulere kwa othamanga zimafuna nambala ya makina.

Tsono, a Nduna, ana omwewa ndi amene dziko limawayembekezera pamasewero a achinyamata a Region 5, omwe amasonkhanitsa mayiko khumi: ifeyo, Malawi, Zambia, Mozambique, Botswana, Namibia, Angola, Lesotho, Eswatini ndi South Africa. Mu 2014 tinawachititsa ku Bulawayo, ndipo bwalo la White City linapindula nawo. Mu Disembala 2022 anachitikira ku Lilongwe. Ndinali komweko mwamwayi, nditapita kukaika mwala pamanda a malume anga. Ndinakwera basi ya pa Nyamapanda, kudutsa Tete kukutentha ngati m'ng'anjo, ndipo mwambo utatha ndinazemba abale n'kukakhala pa Bingu National Stadium masiku awiri. Mtima unagawanika, sindibisa. Akamathamanga wa Malawi ndimaimirira, akamathamanga wa Zimbabwe ndimaimiriranso, mpaka bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi inu kwanu n'kuti?"

Pamipikisano ngati imeneyi, diso la mphunzitsi limaona zinthu mfuti isanalire. Umamudziwa mwana amene tartan ndi pakhomo pake. Amaika mabuloko osayang'ana, amadziwa poika kachizindikiro kake akamadikira kamtengo pa liwiro lopatsirana, wodumpha mtunda amawerenga mapazi ake n'kuponda thabwa ndendende. Umamudziwanso amene anafika dzana, amene akuphunzira pamaso pa anthu. Mphatso angafanane, miyendo angafanane, koma kamtengo kakagwa pansi kapena phazi likapitirira thabwa ndi chala chimodzi, zonse zatha. Masewero a Region 5 amatenga masiku ochepa, pomwe mendulo yake imakhala itaphikidwa kale miyezi yambiri m'mbuyo, pamalo pamene mwana amapita Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse.

Mwina mundiyankha kuti nanga bwanji ku Paris mu 2024 tinali ndi anyamata awiri mu fainolo ya mamita 200. Zoona, ndipo usiku umenewo m'nyumba mwanga munadzaza ana mpaka pakhomo. Tapiwanashe Makarawu anamaliza wachisanu ndi chimodzi, Makanakaishe Charamba wachisanu ndi chitatu, pa liwiro limene Letsile Tebogo wa ku Botswana anapambana ndi masekondi 19.46. Pa anthu asanu ndi atatu aliwiro koposa padziko lonse, atatu anali a chigawo chathu chino. Koma funsani kumene anyamata athu awiriwo ananoledwera. Ku makoleji a ku America. Chimodzimodzi Brian Dzingai, amene anali wachinayi pa mamita 200 ku Beijing mu 2008, ndi Ngonidzashe Makusha, amene anatenga mendulo yachitatu podumpha mtunda ku Daegu mu 2011. Dzingai ndi Makusha onse anadzera ku Florida State University. Timabereka, ena n'kulera, ife n'kudzavina tsiku la ukwati. Sindikuwada Amereka, atithandiza. Ndikungowerenga ana amene sadzakwera ndege imeneyo chifukwa anagwa pamabuloko ali ndi zaka 15.

Ndikudziwa kuti chikwama cha unduna wanu si chakuya, ndiponso kuti mpira ndiwo umadzaza bwalo n'kubweretsa ndalama zapachipata. Ndikudziwanso zimene zimachitika nyumba yamasewero ikamangidwa popanda woisamala, poti dziwe losambirira la ku Chitungwiza, lomangidwira masewero omwe aja a 1995, tonse tinaliona mmene linathera. N'chifukwa chake sindikupempha bwalo latsopano. Ndikupempha kuti pa ndondomeko yokonza National Sports Stadium, pothamangira palembedwe ndi dzina lake ndi ndalama yake, pakhale koyezedwa ndi kuvomerezedwa ndi a World Athletics, bungwe la othamanga padziko lonse, pakhale makina ogwira nthawi ndi choyezera mphepo. Ndipo pakakonzedwa, pasakhomedwe ndi loko kudikira alendo. Patulani masana awiri pa sabata kuti sukulu za m'malokeshoni zizibwera mosinthana, mwaulere kapena pamtengo woti kholo logulitsa tomato lingakwanitse. A NAAZ, bungwe la othamanga m'dziko muno, ali ndi aphunzitsi odziwa, a NAPH ndi a NASH, mabungwe a aphunzitsi aakulu a kupulayimale ndi kusekondale, ali ndi ana. Misonkhano yamapemphero ndi zoimbaimba zikabwereka bwalo, pofiirapo aziyalapo matabwa asanakhomepo nsanja kapena kuyendetsapo malole, chifukwa tartan siichedwa kung'ambika.

Kanthu kena kakang'ono, poti ndayamba kale kulankhula. Masewero a achinyamata amayendera zaka, ndipo zaka amaziona pa setifiketi yakubadwa ndi pasipoti. M'mabanja mwathu, ife zidzukulu za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, mapepala amenewa ndi nkhani yowawa. Malamulo a 2013 omwe aja anati wokhala kuno amene anabadwira kuno malamulowo asanatuluke kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, komabe alipo agogo amene sanalembetsepo, ndiye mwana alibe pepala, mdzukulu alibenso. Ndatayapo mnyamata wodziwa kuponya nthungo chifukwa cha zimenezi. Mutalankhulana ndi anzanu a unduna woona za m'dziko kuti olembetsa azifika pamipikisano ya sukulu, mungatole ana ambiri amene panopa amathera pa zoni.

Mpando mwakhalapowo unakhalidwapo ndi Kirsty Coventry, amene mu 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa International Olympic Committee, bungwe loyendetsa masewero a Olympics, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa paudindowo. Maso a dziko lonse akamayang'ana iye, amasuzumiranso kwawo kuno. Tsiku lina adzabwera ndi alendo ake, ndipo alendo otere sapita kukaona mipando yokha.

Mukapeza mpata Loweruka lina m'mawa, bwerani ku Mufakose. Simudzasochera, mudzangofunsa kumene mdala wa wezulo amathamangitsa ana, adzakulozerani. Mudzafike isanakwane 8 koloko, mphepo isanafufute mizere. Pali kamnyamata ka zaka 12 kamene ndikufuna mudzakaone pa mamita 400, ngakhale kuti kwathu kuno mtunda umenewo ndi kuzungulira kamodzi n'kuwonjezera mpaka pa mtengo wa mapeyala.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mufakose, Harare