Honda ya malemu bambo ako yalira

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Lusaka tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latikhaulitsa, fumbi ndiye losakamba.

Unandiuza pa foni kuti njinga yamoto ija ya Honda CG125 ikakanika ndiigulitse kwa ogula zitsulo, apo ayi ndiikemo injini yatsopano ya ku China. Zonse ziwirizo uziiwale. Njinga yalira, ndipo yalira ndi injini yake yomwe ija imene bambo ako ankayendera m'midzi ya ku Katete.

Nditakaitenga kwa mlongo wako ku Mtendere inali yomvetsa chisoni. Matayala anali atang'aluka, makoswe atadya siponji ya mpando, kiki osatsika ngakhale uyiponde ndi thupi lonse. Pisitoni inali itagwirana ndi dzimbiri. Ndinachotsa pulagi, n'kuthira dizilo pabowopo, n'kuisiya kuti ilowerere. Kenako ndinaika giya n'kumagwedeza gudumu lam'mbuyo pang'onopang'ono mpaka inamasuka. Silinda inali ndi mikwingwirima, choncho ndinapita nayo kwa amisiri a makina cha ku Lumumba Road. Bowo lake pochokera ku fakitale limakhala mamilimita 56.5, iwo analikulitsa ndi 0.25 kuti mulowe pisitoni ndi maring'i atsopano. Koma kunsi kwa injini, nditatsegula, ndinapeza magiya ali bwinobwino, mano onse athunthu.

Sindinadabwe kwenikweni. CG125 imeneyi a Honda anaitulutsa mu 1975 poganizira mayiko ngati athu ano, kumene anthu amachedwa kusintha oyilo ndipo misewu ndi yafumbi. Njinga zawo zam'mbuyo zinali ndi camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu) pamwamba pa injini, ndiye oyilo akada inkadyeka msanga. Pa iyi anaitsitsira kunsi, ndipo mavalavu onse awiri amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo kuchokera pa cam imodzi. Sefa ya mpweya anaipanga ya siponji yoti uchape n'kubwezeretsa, tcheni anachitsekera m'bokosi kuti mchenga usachipeze. Injini za ku China zimene zadzaza m'masitolo a ku Kamwala zambiri anatengera pa imeneyi. N'chifukwa chake magasiketi, zingwe za kilatchi ndi mabuleki ndinazipeza mosavuta. Ndiye ungataye bwanji mwiniwake n'kuikamo wongotsanzira?

Thanki ndiyo inandidyera nthawi. M'kati munali dzimbiri lokhuthala ndi petulo wakale wouma ngati phula. Ndinathiramo viniga ndi manati odzaza dzanja, n'kumakhutchumula madzulo aliwonse ndikaweruka, ana a pa nyumba akundithandiza. Zimene zinkatulukamo zinali zofiira bii. Utoto wa kunja sindinaukhudze. Wasuluka, inde, ndipo mbali yakumanja pali pofwanyika pamene bambo ako ankatsamiritsira bondo, koma mtima wanga sunalole kuti ndifute zimenezo. Ukafuna utoto watsopano udzanena wekha ukaiona.

Ntchito imene ndinaikonda koposa ndi yotchuna. Mavalavu amafuna injini itazizira: umazungulitsa flywheel mpaka chizindikiro cha T chifike pamzere, pisitoni ili pamwamba, mavalavu onse atatseka, kenako umalowetsa feeler gauge (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) ya mamilimita 0.08 pa mpata wa valavu iliyonse. Iyenera kulowa mokoka pang'ono, osati mokakamiza, osatinso mogwedera. Achinyamata ambiri a m'magalaji amamanga zolimba kuti phokoso lithe, osadziwa kuti valavu yosatseka bwino imapsa. Kaphokoso ka "tiki tiki" kapansipansi n'kabwino, kasiye. Moto wake ndi wachikale, wa ma points (tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka kuti pulagi ipereke moto), magetsi a 6 volts. Mpata wa ma points ndinauika pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4, ndipo ayenera kuyamba kutseguka chizindikiro cha F chikangofika. Ndinagwiritsa ntchito kapepala kopyapyala, n'kukapanitsa pakati, n'kumamvetsera ndi zala pamene kakusomoka.

Kabyuleta ndinaiphwasula yonse, majeti n'kuwaviika mu petulo ndi kuwauzira ndi mpope wa njinga. Waya sindinalowetsemo, amakulitsa bowo. Itayamba kulira, pulagi inkatuluka yakuda ndi mwaye. Paja Lusaka ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndiye petulo amachuluka m'kusakaniza. Ndinatsitsa singano ya m'kabyuleta ndi mzere umodzi, pulagi n'kuyamba kuoneka yofiirira bwino.

Lamlungu lapitali ndinadzuka m'mamawa n'kuigwira ya Great East Road mpaka ku Chongwe. Sindinapyole makilomita 60 pa ola chifukwa maring'i akadali atsopano. Mnzanga, kulira kwake n'kosalala, kotsika, sikukhosomola ngakhale pokwera chitunda. Utangodutsa mphambano ya ku bwalo la ndege msewu umatseguka, kamphepo kozizira kankalowa m'jekete, fungo la makala a m'mbali mwa msewu likundifika m'mphuno. Ku Chongwe nditaima kuti ndigule madzi, mkulu wina wa imvi anasiya njinga yake yakapalasa n'kubwera kudzagwira thanki, akuti nayenso anayendapo pa yotereyi akugwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Tinacheza mpaka dzuwa linakwera. Pobwerera ndinkayenda mosamala kwambiri kufupi ndi tauni, poti mabuleki ake ndi a drum kutsogolo ndi kumbuyo, amafuna uyambe kugwira udakali patali, makamaka pamene ma minibasi akuima paliponse. Usiku sindiyenda nayo, nyali yake ndi yofooka.

Zatsala ziwiri zimene zikufuna iwe. White book, chikalata cha umwini wa njinga, idakali m'dzina la bambo ako, ndiye ulankhule ndi mlongo wako ndi amalume ako kuti mugwirizane za mwini wake, tikasinthe ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto. Kachiwiri, ma points ndi condenser amene alipo ndi akale omwe aja, ndangowapala. Kuno ogulitsa ambiri ali ndi za CDI zokha, moto wamakono wosagwiritsa ntchito ma points. Kumeneko ukafunse za CG125 ya 6 volts, ugule awiriawiri, upatsire aliyense wobwera pa basi. Ukamabwera pa Khirisimasi udzatenge helimeti yako, yanga ndi imodzi.

Upereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako wa ku Kalingalinga