Kusikelo azitiuzanso za toxoplasmosis

Akonzi,

Kusikelo amayi oyembekezera timayezedwa HIV ndi chindoko, koma mtima wanga uli pa matenda otchedwa toxoplasmosis. Kachilombo kake, Toxoplasma gondii, kamapezeka m'chimbudzi cha amphaka ndi m'nyama yosapsa bwino. Mayi akakatenga ali woyembekezera, kangathe kulowerera kwa mwana n'kusiya zipsera mkati mwa diso. Chopweteka n'chakuti khanda limabadwa looneka bwinobwino, vuto n'kudzatulukira mwana ali kale pasukulu. Sikani kawirikawiri siionetsa zipserazi; magazi a mayi ndiwo amachenjeza msanga. Ku France, kuyambira 1992, amayi oyembekezera amene sanakatengepo amayezedwa mwezi uliwonse, ndipo opezeka nako amalandira mankhwala otchedwa spiramycin.

Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti anamwino azitiphunzitsa zimenezi, makamaka kuphika nyama mokwanira ndi kusamba m'manja tikachoka kudimba.

Mayi wokhudzidwa,
Zomba