Tisamati chilichonse chikugwedezeka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono za mawu akuti kugwedezeka, omwe alembi athu awakonda mopitirira muyeso. M'nkhani ina yomwe ndinawerenga m'nyuzipepala yanu, mtolankhani anafotokoza za alendo okacheza kunyanja ku Salima, ndipo analemba kuti bwato lawo linkagwedezeka ndi mafunde iwo akusangalala poona dzuwa likutuluka. Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, ndipo nditafika pa chiganizo chimenecho mtima unangoti myu, chifukwa kwathu bwato likamagwedezeka ndi mafunde palibe amasangalala: wina amakapa madzi, wina amagwiritsitsa nkhafi, wina amayamba kupemphera.

Chimene mlembiyo ankafuna kunena n'chakuti bwato linkapendapenda. Kugwedezeka kumanena za mphamvu yobwera mwadzidzidzi ndi yochititsa mantha, monga zinagwedezekera nyumba za ku Karonga pa zivomezi za mu Disembala 2009. Kupendapenda n'kutsamira mbali iyi kenako mbali inayo, mofatsa ndi mobwerezabwereza, chinthucho n'kumabwerera m'malo mwake nthawi zonse, moti mwana wogona m'bwato lotero sadzuka n'komwe. Kubwereza kwa tsinde la mneniyo ndiko kwanyamula tanthauzo lonse, pakuti bwato likapendekeka, osati kupendapenda, ndiye kuti lakhalira mbali imodzi ndipo zinthu zayamba kuipa.

Chichewa chili ndi mvekero wambiri wa kayendedwe kofatsa kotere, ndipo uliwonse uli ndi pake. Amene anaonapo mayi akuchokera kuchitsime atasenza ndowa yodzadza akudziwa kuti madzi aja amakhala ali ndengundengu: amanjenjemera pakamwa pa ndowa ngati atayika, koma satayika. Mayi anga ankathyola timasamba n'kutiyala pamwamba pa madziwo asanasenze, kuti akamatsika chitunda madzi asakhavuke n'kuwanyowetsa kumsana. Pakati pa ndengundengu ndi kukhavuka pali kaphazi kamodzi kopondedwa molakwika, ndipo chiyankhulo chathu chinaona kusiyanako n'kukupatsa mawu awiri. Mawu omwewo akuti ndengundengu timanenera misozi yomwe yadzadza m'maso koma sinagwe, ndipo sindikuona mawu ena omwe angagwire ntchitoyo bwino chotero.

Bango la m'mbali mwa mtsinje limachita tepatepa, chifukwa tsinde lili chilili pamene nsonga ikuweramira uku ndi uku. Mbendera imachita petupetu. Kamphepo koyambitsa zonsezi n'kayaziyazi. Kulemba kuti bango, mbendera ndi madzi a m'ndowa zonse zikugwedezeka n'kuyesa nsima, phala ndi thobwa chinthu chimodzi poti zonse n'zochokera ku chimanga.

Ena anganene kuti izi n'zokometsera chabe, zoyenera alakatuli. Anthu a kunyanja sangavomere. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera umaomba kuchokera chakummwera n'kuyenda mtunda wonsewo ukukuza mafunde. Akuluakulu a kumpoto amakumbukirabe sitima ya Vipya, yomwe inamira pa namondwe mu 1946 n'kupha anthu 145. A zanyengo akachenjeza za mwera, msodzi womvera wailesi kapena wowerengeredwa nyuzipepala ndi mwana wake amafuna kudziwa ngati nyanja ili bata, ngati pali timafunde tongopendetsa bwato, kapena ngati yawinduka moti mafunde akugavira m'bwato. Ngati mawu amodzi omwewo tiwagwiritsa ntchito pa ulendo wokasangalala ndi pa tsiku la ngozi, ndiye kuti tsiku la ngozilo likadzafika mawuwo adzamveka opepuka.

Ndikudziwa kuti alipo akonzi omwe amaona mvekero ngati mawu a pabwalo la nthano, osayenera nkhani yolembedwa mwaulemu, ndipo amaufufuta akaupeza. Komabe mvekero timauphunzitsa m'kalasi ngati mtundu wa mawu, pamodzi ndi dzina ndi mneni, ndipo ana amalembera mayeso. N'zoona kuti katchulidwe kamasiyana malinga ndi dera, makamaka m'mbali mwa nyanja momwe Chichewa chimakumana ndi Chitonga ndi Chiyao, koma kusiyana kumeneko n'chifukwa chofunsira eni dera, osati chothawira ku mawu amodzi ophimba zonse.

Pempho langa n'lakuti mtolankhani wanu akadzapitanso ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, asadzathamangire kulemba. Adzayambe waima padoko m'mawa, pamene asodzi a usipa akukocheza, n'kufunsa mmodzi wa iwo kuti nyanja yagona bwanji, ndipo mawu omwe adzamuyankhewo ndiwo adzalembe.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Nkhotakota