Ndinamuphunzitsa ndine, lero ndilandire ndalama zake?

Okondeka Azakhali,

Ndikulemba cha m'ma 1 koloko usiku, ana agona koma ine tulo tandithawa. Ndine mayi wa zaka 43, ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Geni imeneyi palibe anandiyambitsa. Mpamba wanga unachokera m'beseni la mandasi amene ndinkakazinga mbandakucha, utsi uli m'maso, mpaka ndinagula belo langa loyamba. Ndanena izi kuti musandiyese waulesi.

Zinthu zinatembenuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mabelo anakwera mtengo, ndipo awiri amene ndinatsegula motsatizana anali nsanza zokhazokha, majekete othothoka zipi, nyengo yotentha ngati imeneyo. Ndinakongola ku banki mkhonde, ndipo kuti ndibweze kumeneko ndinapita kwa katapila. Pali ngongole inanso imene sinditchula pano, ngakhale bambo a kunyumba sakuidziwa.

Koma chandipweteka ndi mlongo wanga wamng'ono. Makolo athu anamwalira iye ali folomu 1, ndipo fizi ndinalipira ndine mpaka analemba MSCE. Ya basi yopitira ku Joni inachokera pa mashini osokera amene mayi anandisiyira, ndinagulitsa osauza munthu. Lero zake zikuyenda. Wamva za mavuto anga, ndipo akuti anditumizira K800,000 ndiyambirenso. Zabwino, eti? Koma Azakhali, ananenera pa gulu la WhatsApp la kubanja, pamene pali amalume, asuweni ndi tiana ta dzulodzuloli. Mkazi wake n'kuwonjezera kuti achemwali aphunzire kulemba m'kabuku zimene agulitsa. Ine? Mtsikana amene pa chinkhoswe chake ndinachezera pamoto usiku wonse, chitenje cha yunifolomu n'kugula ndekha, pomwe azakhali ake anapatsidwa chaulere, ndipo pothokoza anthu dzina langa silinamveke. Ndinayankha kuti ndilibe vuto lililonse, n'kutuluka m'gulumo.

Chabwino, kabukuko ndilibedi. Ndikusunganso ana awiri a malemu akulu anga, ndipo mnzanga pamsika akati wasowa ya ufa sinditha kukana. Ena anatenga zovala pangongole chaka chatha, mpaka lero amangondipatsa moni. Mwina mpamba unathera kumeneko. Bambo a kunyumba akuti ndine wamatama, akuti mutu umodzi susenza denga. Nanga dengali si ndalisenza ndekha zaka zonsezi? Iwowo anali kuti? Mwanayu ndinkamusambitsa ndine, lero andiyalutse pagulu ngati wopemphapempha?

Tsono ndithandizeni. Ndilandire? Ndikalandira, ndiitenge ngati ngongole kapena ngati akubweza zanga, pomwe ine sindinamuphunzitse kuti adzandilipire? Kodi mlamu sayamba kundiwerengera belo lililonse? Ndimuuze za ngongole yachitatu ija, poti ndalamayo siikwana zonse? Nanga anzanga aja ndiyambe kuwakaniza, ine amene ndikudziwa kugona ndi njala?

Wakatapila wati Loweruka abwera kudzanyamula filiji. Uthenga wa mlongo wanga uli pafoni pano, wongofunsa ngati nambala yanga ya Airtel Money idakali yomwe ija. Lero ndi tsiku lachinayi, ndimautsegula n'kuutsekanso.

Ine wothedwa nzeru,
Bangwe, Blantyre